Buku ili ana athu alimve m'Chichewa

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi abusa ndi aphunzitsi. Masiku ano mabuku ena timangomvetsera pafoni, wina akuwerenga mokweza. Limodzi ndi Little Women, lomwe Louisa May Alcott wa ku America adatulutsa mu 1868. Muli atsikana anayi apachibale omwe bambo awo adapita kunkhondo ngati mbusa wa asilikali. Amakangana nkukhululukirana, ndipo pa Khirisimasi adapereka chakudya chawo cham'mawa kwa banja losauka.

LibriVox, yomwe idayamba mu 2005, idalijambula kwaulere, koma m'Chingerezi. Nanga mwana wakumudzi, makamaka wosaona, apindula bwanji? Chonde limasulireni m'Chichewa, liziwerengedwa pawailesi madzulo. Paja kuwongola mtengo mpoyamba.

Kholo lokhudzidwa,
Dedza.