Dzina la Greener siliwomba

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene pano muli ndi ndevu ndi mabanja, lero ndabwera ndi nkhani yoti tikangane. Ndi nkhani ya mfuti zosakira, zija za zifefe, zimene kuno kwa Mlolo timangoti gilina. Mfundo yanga ndi imodzi basi: mfuti zambiri zimene anthu akudalira m'madimba mwathu muno n'zoopsa kwa eni ake kuposa kwa nguluwe, ndipo chikutipusitsa ndi dzina. Tikukhulupirira dzina la kampani imene inaleka kalekale kupanga mfuti zimene tikuganizazo.

Tiyambe ndi dzinalo. Mukamva pa wailesi kuti apolisi agwira munthu ndi mfuti ya Greener, kodi mumadziwa kuti Greener anali munthu? William Greener anayamba kupanga mfuti ku Newcastle m'dziko la England mu 1829, ndipo mu 1844 anasamukira ku Birmingham. Mwana wake, W. W. Greener, anatchuka m'zaka za m'ma 1870 pokonza bwino luso lochepetsa kukamwa kwa mpope wa mfuti kuti tizitsulo ta m'chipolopolo tisamwazike msanga. Mfuti yawo imene inafala m'maiko olamulidwa ndi Angerezi ndi ya mpope umodzi, yotsegula ndi chogwirira chapansi ngati Martini-Henry ya asilikali akale. Inayamba m'zaka za m'ma 1920 ngati mfuti ya apolisi, kenaka kunabwera ya anthu wamba yotchedwa Greener GP. Inali ndi zitsulo zochepa koma zolimba, yosavuta kupukuta, yopirira fumbi ndi mvula. Agogo athu sananame poyitama.

Koma tamvani zimene zinatsatira. Mu 1965 kampani ya Greener inagulidwa ndi Webley & Scott. Mu 1979 nayo Webley & Scott inaleka kupanga zifefe ku Birmingham, ndipo m'zaka za posachedwa dzina lake lakhala likudindidwa pa mfuti zopangidwa ku Turkey. Dzina la Greener linabwerera m'manja mwa a kubanja m'zaka za m'ma 1980, koma kuyambira pamenepo mfuti zake zinakhala zowerengeka, zopanga pamanja, za anthu olemera. Ija ya mlimi inathera pomwepo.

Ku America nakonso chimodzimodzi. Winchester inasiya kupanga mochuluka mfuti yake yotchuka ya Model 12 mu 1964 chifukwa inkadya ndalama zambiri poipanga, ndipo fakitale yake ya ku New Haven inatsekedwa mu 2006. Remington, imene inayamba mu 1816, inatulutsa Model 870 mu 1950 ndi kugulitsa zoposa 10 miliyoni. Mu 2007 inagulidwa ndi kampani ya zachuma yotchedwa Cerberus, ndipo alenje ambiri anayamba kudandaula za dzimbiri ndi mfuti zokanirira chikhokhombe cha chipolopolo. Remington inagwa pa ngongole mu 2018, inagwanso mu 2020, ndipo fakitale yake yakale ya ku Ilion inatsekedwa mu 2024. Ngakhale Holland & Holland ya ku London, ya mabwana enieni, inagulidwa ndi Beretta ya ku Italy mu 2021.

Chinapha makampaniwa si ufiti. Mfuti yabwino inkafuna mmisiri wokhala tsiku lonse ndi tupa, kupala chitsulo mpaka chikhale bwino pa chinzake. Malipiro a amisiri atakwera, eni ndalama anaona kuti chotchipa n'kugula dzina ndi kukapangitsa mfuti kwina. Sindikunena kuti mfuti iliyonse ya ku Turkey n'njoipa, ayi. Zina n'zabwino ndithu. Ndikunena kuti dzina lolembedwa pa mpope silikukuuzaninso amene anaipanga ndi m'mene anaipangira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwere kuno kwathu. Mfuti zimene timati gilina zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi zenizeni zakale, za chisiyire cha makolo. Werengani nokha: Greener imene inapangidwa kampani isanagulitsidwe mu 1965 yakwanitsa zaka 60, mwina kuposa apo. Yakhala zaka zonsezo m'chigwa chotentha ndi chachinyezi chino. Kumbukirani madzi a mu Januwale 2015 pamene Ruo anasiya njira yake ndi kudula Makhanga, kumbukirani Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Anthu ankathawa ndi ana kumsana, osati ndi mafuta opukutira mfuti. Mfuti imene inagona m'matope sabata yathunthu imatha kuwala kunja mutaipukuta ndi mchenga, koma m'kati mwa mpope dzimbiri litakumba timaenje. Pamene pali kadzenje, chitsulo chapyapyala. Ndipo dothi likatsalira m'kati, kapena mavu akamanga chisa chawo m'menemo, chipolopolo chimapeza njira yotseka ndipo mpope umang'ambika pafupi ndi dzanja lamanzere.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Zifefe zambiri zakale za ku England, makamaka za mipope iwiri, zinapangidwira zipolopolo za mamilimita 65. Za masiku ano zambiri ndi za mamilimita 70 kapena 76. Chipolopolo chachitali chimalowa bwinobwino chifukwa kutsogolo kwake n'kopinda, koma chikaphulika popindapo pamasowa malo otambasukira, ndiye mphamvu imachuluka m'chitsulo chotopa kale. Kulowa si kukwana, abale anga.

Gulu lachiwiri ndi zatsopano zotchipa, zonyezimira, zina zodzera m'njira zosadziwika. Kasipuling'i kakathyoka, kapena kachitsulo kogogoda chipolopolo kakafupika, china mukachipeza kuti? Ku Bangula kulibe, ku Nsanje boma kulibe. Mapeto ake mfuti imapita kwa wokonza njinga, amene amaikamo msomali wopala. Lero iwomba, mawa ikana, mkuja iwomba yokha munthu akudumpha ngalande.

Gulu lachitatu ndi limene limandiwawa kwambiri: zosula m'mudzi, adzukulu a gogodera, zopangidwa ndi paipi ya madzi. Nazonso eti timazitcha gilina! Inu amene ndinakuphunzitsani Physical Science mu Fomu 3, kumbukirani phunziro la pressure. Tayala la njinga ya kabaza limasunga mpweya wopanikizika katatu kapena kanayi kuposa mpweya wotizungulira. M'kati mwa chifefe, chipolopolo chikaphulika, mphamvuyo imatha kupitirira ka 500. Paipi ya madzi ili ndi msoko wowotcherera m'litali mwake. Siinapangidwire zimenezo. Ine ndinaphunzitsapo mnyamata wa dzanja lokongola pa bolodi amene lero amasaina ndi chidindo cha chala cha dzanja linalo. Anapita kukalondera chimanga, nguluwe inapita yamoyo. Komanso musaiwale kuti lamulo la mfuti la 1967 sililola munthu kusunga mfuti yopanda chilolezo, ndipo kupezeka nayo ndi mlandu wa ndende.

Angerezi eni akewo dzina lokha sankalikhulupirira. Mu 1813 anakhazikitsa nyumba yoyesera mfuti ku Birmingham, imene ikugwirabe ntchito. Mfuti amaiwombetsa ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse, ikapirira amaidinda chizindikiro pa chitsulo. Kugulitsa mfuti yosayesedwa kumeneko ndi mlandu, ndipo mpope ukadyeka kupitirira muyeso chizindikiro chija chimatha ntchito. Onani tsono: Greener mwini wake ankapereka mfuti zake kuti ena aziyese, koma ife timangomva dzina n'kuika tsaya pa chitsulo. Laisensi imene mumalipira chaka ndi chaka imanena kuti mwini mfuti ndinu. Siinena kuti mpope wake ndi wolimba.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukunena m'mitima. Mukuti, aphunzitsi mumadikira malipiro a mwezi, ife chimanga chathu cha kudimba mvuu zikumaliza usiku umodzi, nanga tizilondera ndi choko? Funso lanu n'loona, ndipo sindikulipeputsa. Amene analima m'mphepete mwa Shire kapena m'dambo la Elephant Marsh amadziwa kuwawa kopeza munda utasanduka bwalo m'mawa. Koma yankhani ichi: tizitsulo topangira kupha nkhanga, nkhwali ndi atsekwe tingatani pa chikopa cha mvuu? Timangoivulaza, ndipo mvuu yovulala ndi imene imakagubuduza bwato la msodzi wosalakwa mawa lake. Nanga mfuti ikakana nguluwe itatembenuka kale, dzina la Greener likuthandizani chiyani? Mfuti yosadalirika imapatsa munthu mtima woyandikira pamene wopanda mfuti akanathawa.

Ena amati mfuti ya agogo siikalamba. Agogowo anakalamba, mfuti yawo ingalekerenji? Ndipo ine sindikulira makampani a azungu chifukwa chokonda uzimba wawo. Mu 1859 David Livingstone anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo lathuli, lero mulibe ndi imodzi yomwe, ndipo zinatha ndi mfuti zabwino zomwezo. Chimene ndikulira ndi mwambo wakuti chida chizikhala choyesedwa, ndi mmisiri amene angayankhe mlandu chikalephera.

Ndiye pempho langa ndi ili. Loyamba likupita kwa apolisi: pa nthawi yokonzanso laisensi, mfuti iliyonse izionedwa ndi katswiri wa zida, asuzumire m'kati mwa mpope, ndipo yotha ntchito isabwerere kumudzi. Lachiwiri likupita ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Lamulo la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limateteza mvuu ndi ng'ona, ndipo m'chaka chomwecho cha 2017 Elephant Marsh inalembedwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar. Chabwino. Koma amene amateteza nyama atetezenso munda. Alenje a boma azikhala pafupi, tsidya lino la kum'mawa kwa Shire, kuti mlimi akadandaula lero thandizo lifike chimanga chikadalipo. Boma likachedwa, wosula paipi ndiye amapeza msika.

Lachitatu ndi la ife. Aphunzitsi anzanga, pophunzitsa za dzimbiri ndi za pressure tisamangopereka chitsanzo cha msomali wa m'botolo. Anawa amachokera m'nyumba zimene zili ndi chitsulo chobisika kudenga. Ndipo inu ana anga akale, mukapita kumudzi pa holide, kafunseni mwaulemu atate kapena amalume anu kuti mfuti ija inayenderedwa liti ndi munthu wodziwa. Ngati inamizidwa m'madzi osefukira, isawombenso mpaka ionedwe. Ngati ilibe mapepala, kambiranani ndi a mfumu za njira yoipereka kupolisi. Adzakwiya, adzati sukulu yakupatsani mwano. Pirirani. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kukwiya kwa tsiku limodzi kuli bwino kusiyana ndi kudyetsedwa nsima ndi mdzukulu moyo wonse.

Amene akutsutsa abwere ndi mfundo, tidzakambirana pansi pa mtengo wa mango nthawi yopuma.