Mpingo pothandiza mwana usamudule kwa abale ake

Pa 25 July 2022, Papa Francis adapita ku Maskwacis, m'chigawo cha Alberta ku Canada, kukapepesa pamaso pa mitundu ya eni nthaka a dzikolo. Pafupi ndi pomwe adalankhulira padali kale sukulu yogonera komweko ya Ermineskin, imodzi mwa sukulu zomwe mpingo wa Katolika udayendetsa zaka zambiri. Papa adadandaula kuti Akhristu ambiri adagwirizana ndi boma pofafaniza zilankhulo ndi miyambo ya eni nthaka. Ali m'ndege pobwerera ku Rome, atolankhani atamufunsa, adavomera kuti zomwe zidachitikazo kudali kupulula mtundu wa anthu.

Tikuikumbutsa nkhaniyi chifukwa mipingo ya kuno kwathu nayonso ili pa ntchito yosamalira ana ovutika, ndipo tikufuna kuti ntchitoyo ipite patsogolo popanda kudzasiya misozi ngati yomwe ikukhetsedwa ku Canada mpaka lero.

Kuyambira zaka za m'ma 1880, boma la Canada linkapereka ndalama ndipo mipingo inkayendetsa sukuluzo. Ambiri mwa malowa adali m'manja mwa Akatolika, ena a Anglican, a Presbyterian ndi a Methodist, omwe pambuyo pake adalowa mu United Church of Canada. Ana pafupifupi 150,000 a mitundu ya First Nations, Inuit ndi Métis adadutsa m'sukuluzi, ndipo zomaliza zidatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, dzulodzuloli. Mu 1920 lamulo lidakhwimitsidwa kuti mwana aliyense wa mitundu ya First Nations wa zaka 7 mpaka 15 azipita kusukulu, afune asafune. Kholo lokana linkatha kumangidwa, ndipo apolisi ankathandiza kukatenga ana kumidzi.

Mwana akafika, ankamumeta tsitsi, kumuvula zovala za kwawo, kumupatsa nambala, nthawi zina ndi dzina lina. Mlongo ndi mchimwene ankawasiyanitsa ngakhale ali pasukulu imodzi. Akalankhula Cree, Ojibwe kapena Inuktitut, chilankhulo chomwe adayamwira kwa mayi wake, ankalangidwa. Mayi Phyllis Webstad adafotokoza momwe mu 1973, ali ndi zaka 6, adalandidwira malaya atsopano a mtundu wa lalanje omwe agogo awo adawagulira kuti akayambire sukulu ku St. Joseph's Mission. Malayawo sadawaonenso. Chaka chilichonse pa 30 September anthu a ku Canada amavala malaya a mtunduwu pokumbukira anawo, ndipo kuyambira 2021 tsikuli ndi la chikumbutso m'dziko lonse.

Ana ankafanso kumeneko, ndipo akuluakulu ankadziwa. Mu 1907 dokotala wa boma, Dr Peter Bryce, adayendera sukulu za kumadzulo kwa dzikolo n'kulemba kuti m'sukulu zina pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse adamwalira, makamaka ndi chifuwa chachikulu, chifukwa cha zipinda zothithikana zopanda mpweya wabwino. Boma silidamumvere. Mu 1922 adasindikiza yekha kabuku kodzudzula zimenezi, koma sukuluzo zidapitirira zaka zina zoposa 70. Mu October 1966 mnyamata wa zaka 12, Chanie Wenjack, adathawa pasukulu ya Cecilia Jeffrey ku Kenora, yomwe inkayendetsedwa ndi a Presbyterian, n'kuyamba kutsata njanji kuti akafike kwawo, mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Adafera m'mbali mwa njanjiyo ndi njala ndi kuzizira.

Bungwe lofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu, lomwe lidatsogoleredwa ndi woweruza milandu Murray Sinclair kuyambira 2009 mpaka lipoti lake lomaliza mu 2015, lidamva umboni wa anthu oposa 6,000. Lidapeza imfa za ana zoposa 3,000, ndipo kaundula wa mayina wadutsa 4,000 tsopano. Lidamvanso za kumenyedwa ndi kugwiriridwa kwa ana m'manja mwa anthu omwe ankawaphunzitsa kupemphera. Mu May 2021, anthu a mtundu wa Tk'emlúps te Secwépemc adalengeza kuti makina ounikira pansi pa nthaka aonetsa malo pafupifupi 200 omwe akuganiziridwa kuti ndi manda a ana pa sukulu yakale ya Kamloops. Mipingo idapepesa umodziumodzi: United Church mu 1986 ndi 1998, Anglican mu 1993, Presbyterian mu 1994. Nduna yaikulu Stephen Harper idapepesa m'malo mwa boma mu 2008. Mwa mfundo 94 zomwe bungwe la Sinclair lidapereka, ina idapempha Papa kuti abwere kudzapepesa pa nthaka ya Canada chaka chisanathe. Padatha zaka zisanu ndi ziwiri.

Chomwe chimatiwawa kwambiri tikamawerenga mbiri imeneyi n'chakuti si onse ogwira ntchito m'sukuluzi omwe adali ankhanza. Padali ansembe, masisitere ndi aphunzitsi omwe adasiya kwawo ndi mtima wofuna kutumikira Mulungu, ndipo ankakhulupirira ndithu kuti akupulumutsa ana ku umphawi ndi ku mdima. Cholakwa chidali m'maganizo omwe ntchito yonseyo idamangidwapo: akuti makolowa ndi osauka, miyambo yawo ndi yachikunja, choncho mwana apeza bwino akatalikirana nawo. Munthu akangovomera zimenezi mumtima mwake, kulira kwa mayi wolandidwa mwana sakukumvanso, chifukwa akuti mayiyo sakudziwa chomwe chili chabwino kwa mwana wake.

Zotsatira zake zidadutsa mbadwo umodzi. Munthu wokulira m'chipinda chogonamo ana makumimakumi, wosakumbatiridwapo ndi kholo, akadzakhala ndi ana ake amasowa poyambira. Ambiri adabwerera kumidzi osatha kulankhula ndi agogo awo, ena adagwera m'mowa, ena adadzipha. Sukulu zitayamba kuchepa, maofesi osamalira ana adapitiriza kutenga ana a eni nthaka n'kuwapereka ku mabanja a azungu. Kalembera wa mu 2021 adaonetsa kuti ana a eni nthaka ndi 7.7 peresenti ya ana osafika zaka 15 ku Canada, koma ndi oposa theka la ana omwe akuleredwa m'mabanja ena kudzera m'maofesiwa.

Kuno ku Malawi palibe lamulo lokakamiza kholo kupereka mwana kumpingo, ndipo sitikuyerekeza malo athu osamalira ana amasiye ndi sukulu za ku Canada. Edzi itasesa makolo m'zaka za m'ma 1990, agogo ambiri adatsala ndi zidzukulu zisanu kapena khumi popanda chowadyetsa. Mipingo ndiyo idayamba kuthamanga. Pali ana a khanda omwe amayi awo adamwalira pobereka, ndipo akadapanda masisitere kapena amayi a mpingo kuwapezera mkaka, bwenzi atatsatira amayi awo kumanda. Ntchito imeneyi timaiona ndipo timaithokoza.

Komabe maganizo aja oti mwana wa munthu wosauka apeza bwino kutali ndi kwawo alipo pakati pathu, ndipo amabwera atavala chifundo. Ana ambiri okhala m'malo osamalira ana amasiye ali ndi kholo limodzi lamoyo, kapena agogo, azakhali ndi amalume. Chomwe chidawafikitsa kumeneko ndi njala, kusowa yunifolomu ndi fizi. Mayi akamva kuti kumalo kwakutikwakuti ana amadya katatu patsiku ndipo amaphunzira mwaulere, amalolera kupereka mwana wake, mtima ukuwawa. Ndalama zomwe zimasunga mwana mmodzi kumaloko zikadaperekedwa ku banjalo, zikadathandiza mwanayo pamodzi ndi abale ake onse ali pakhomo pa amayi awo. Vuto n'lakuti opereka thandizo a kunja amakopeka msanga ndi nyumba ya malata owala ndi zithunzi za ana ataima pamzere kusiyana ndi thumba la feteleza loperekedwa kwa agogo a kumudzi. Atsogoleri athu a mipingo akudziwa zimenezi, ndipo ayenera kulimba mtima n'kuwauza abwenzi awowo zoona.

Taganizirani za mwana wochokera m'dera lomwe mbumba imatsata kwa mayi, monga mwa Achewa, Ayao ndi Alomwe. Munda wake uli kuchikazi, ndipo mwinimbumba, malume wake, ndiye amadziwa malire ake. Mwanayo akachoka ali ndi zaka zinayi n'kudzabwerera ali ndi zaka 18, amapeza munda udagawidwa kalekale, a mfumu sakumudziwa, ndipo iye sadziwa kugwira khasu kapena mwambo wa pamaliro. Kumalo komwe adakulira amuuza kuti wakula, apereke malo kwa ena. Mwana wotere tamudyetsa ndi kumuphunzitsa, inde, koma tamusiya wopanda kwawo. Zimafika poipa kwambiri pamene kumaloko amaphunzitsidwa kuti zonse za kumudzi n'zausatana ndipo agogo ake ndi mfiti. Kumeneko ndiye kubwereza ndendende zomwe mipingo ya ku Canada ikupepesera.

Chikhristu sichifuna kuti munthu ataye mtundu wake, ndipo umboni tili nawo kuno komwe. Chaka chomwe Dr Bryce adasindikiza kabuku kake, 1922, ndi chaka chomwenso Buku Lopatulika lidatuluka m'chilankhulo chathu, ntchito yomwe amishonale adagwira pamodzi ndi anthu a kuno. Ku Mua, m'boma la Dedza, wansembe wochokera ku Canada komweko, Bambo Claude Boucher, adakhazikitsa malo a Kungoni mu 1976, n'kudzipereka kuphunzira ndi kusunga miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo Gule Wamkulu, yemwe amishonale oyamba ankalimbana naye kwambiri. Anthu adamupatsa dzina loti Chisale. Mkhristu akhoza kutsutsana ndi mwambo wina, monga kukwatitsa ana aang'ono kapena fisi wa kuchinamwali, ndipo ayenera kutero mosaopa. Koma amatsutsa atakhala pabwalo limodzi ndi mafumu ndi anankungwi, kukambirana nawo ngati anthu anzake a nzeru zawo.

Njira yabwino ilipo kale, sitikufunika kuiitanitsa kunja. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano, komanso miphakati ya Akatolika, amadziwa khomo lililonse lomwe utsi sukufuka. Sukulu za mkombaphala, zomwe zambiri zimakumana m'matchalitchi, zimapatsa mwana phala ndi maphunziro masana, madzulo n'kukagona kwawo. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006, yaonetsa kuti banja losauka likapatsidwa kangachepe mwezi ndi mwezi limatha kusunga ana ake ndi kuwatumiza kusukulu. Mpingo ukaika mphamvu zake pamenepa, kulipirira mwana fizi, kufolera nyumba ya agogo, kuperekeza mayi wodwala kukatenga ma ARV, ndiye kuti wathandiza mwana osamuchotsera kalikonse. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sankatanthauza kuti umulande kwa mnzakoyo.

Tikudziwa kuti alipo ana omwe sangakhale kwawo: otayidwa, ogwiriridwa ndi achibale, ena onamiziridwa ufiti n'kuthamangitsidwa. Kwa ana otere malo osungirako ndi ofunika, ndipo tisachite manyazi kunena zimenezi. Koma akhale a kanthawi, pamene akufunafuna wachibale wodalirika kapena banja lina la m'dera lomwelo loti limulere. Malamulo ali kumbali imeneyi. Lamulo lathu losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limaika udindo woyamba pa makolo ndi banja, ndipo mfundo zomwe bungwe la United Nations lidavomereza mu 2009 zimanena poyera kuti umphawi pawokha sichifukwa chochotsera mwana kwa makolo ake.

Tikupempha mabungwe a mipingo kuti asadikire boma. Mpingo uliwonse uwerenge malo osungira ana omwe ali pansi pake, uonetsetse kuti adalembetsedwa kuboma, ndipo ufunse za mwana aliyense kuti ali ndi ndani kwawo komanso chomwe chikulepheretsa kuti abwerere. Achibale aziloledwa kudzacheza, ana azipita kumudzi patchuthi, azilankhula chilankhulo chawo momasuka, kaya ndi Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe. Pakhale munthu wa kunja kwa malowo yemwe mwana angamudandaulire wina akamuchita zachipongwe, ndipo mlandu wotere uzipita kupolisi, osathera m'ofesi ya abusa. Maofesi osamalira anthu m'maboma nawonso apatsidwe mafuta ndi galimoto kuti aziyendera malowa, chifukwa ofisala wongokhala pa desiki sangateteze mwana.

Pali chinanso chomwe chimaoneka chaching'ono. Ku Canada mabanja ambiri akufufuzabe komwe ana awo adaikidwa, chifukwa imfa zina sizidalembedwe, mabuku ena adawonongedwa, ndipo ena mipingo idachedwa kuwatulutsa. Malo alionse osunga ana kuno akhale ndi kaundula wolembedwa bwino: dzina lomwe mwana adapatsidwa kwawo, mayina a makolo ndi a mwinimbumba, mudzi, mfumu yaikulu, tsiku lomwe adafika, yemwe adabwera naye ndi chifukwa chake, matenda omwe adadwala, ndipo ngati adamwalira, komwe adaikidwa ndi achibale omwe adauzidwa. Kope lina la kaundulayo lizisungidwa kuofesi ya boma, ndipo mwanayo akadzakula akhale ndi ufulu wowerenga zomwe zidalembedwa za iye.