Odzipereka a ku Vubwi asaiwalike polemba anchito

Pamene Vubwi anapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012 nakhala boma paokha, acinyamata a m'dziko la Mfumu Pembamoyo anayembekezera nchito za malipiro. Zina zinafikadi, koma sizinacokere kumodzi.

Kale wofuna malipiro a pamwezi anali kupita ku migodi kapena ku makampani a Boma a ZIMCO. ZIMCO inathetsedwa mu 1995, migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000, ndipo ambiri anabwerera ku khasu. M'zaka zotsatira mabungwe osakhala a Boma ndiwo anayamba kulemba alangizi a za HIV, akalaliki ndi oyendetsa galimoto. Koma nchito zambiri zotere zinali za pangano la zaka zowerengeka, ndipo ndalama zake zinali za kunja. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake, USAID inatsekedwa caka comweco, ndipo anchito ambiri a mabungwe m'Zambia anauzidwa kukhala kunyumba. Boma, kumbali yake, linalemba aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, anthu amene malipiro ao sayembekezera mlendo.

Pansi pa onsewa pali anthu amene sawerengedwa konse: amai operekeza anzao apakati ku cipatala usiku, opima ana pa sikelo, aphunzitsi a sukulu za m'midzi amene makolo amawathokoza ndi cimanga kapena nshawa. Mphotho yao ndi njinga, malaya a bungwe, mwina kandalama ka cakudya pa tsiku la msonkhano. Wolemba lipoti la ana opimidwa amalandira malipiro, wowapimayo salandira. Ici ndi cinthu cocititsa manyazi, pakuti galimoto za mabungwe zikaleka kubwera, otsala pa nchito ndi iwowa.

Njira yokonzera ilipo. Kuyambira 2012 Unduna wa Zaumoyo wakhala ukutumiza m'midzi othandiza a zaumoyo osankhidwa kwao komweko, ophunzitsidwa, ndi olipidwa pamwezi. Makhansala ndi makomiti a citukuko m'mawodi a Vubwi, Sinda ndi Katete ayenera kulemba maina a odzipereka onse pamodzi ndi zaka zimene atumikira, mafumu nkucitira umboni. Kaundula ameneyu aziperekedwa kwa olemba anchito, a Boma ndi a mabungwe omwe, asanaitane munthu wa ku Chipata kapena ku Lusaka.