Mimba ikatupa mutamwa ufa wa faiba, si kandida amene akufa

Pali uthenga umene wayenda kwambiri m'mafoni, m'mabasi a pa Great East Road ndi m'misika kuyambira ku Chongwe mpaka ku mlatho wa Luangwa, ndipo kuno ku Mpanshya sunatilambalale. Umati ngati mimba yanu imafufuma mukadya, ngati mumageya pafupipafupi, mumatopa msanga, mumalakalaka zotsekemera ndipo mutu umalemera, ndiye kuti m'matumbo mwanu mwadzaza yisiti wotchedwa kandida. Mankhwala ake akuti ndi ufa wa faiba wosungunula m'madzi, tiyi wotsuka m'mimba, ndi kusala buledi, shuga, munkoyo ndi thobwa. Kumapeto kwake kumabwera mawu amene atichititsa kulemba lero: mukamwa ufawo mimba n'kutupiratu, n'kumapotokola, musaleke, onjezerani, ameneyo ndi kandida akufa.

Ife tikukana uthenga umenewu, makamaka mawu omalizawo.

Kandida alipo ndithu, ndipo pamenepa ogulitsa sananame. Candida albicans ndi kafangasi kamene kamakhala m'kamwa, m'matumbo, pakhungu ndi kumaliseche kwa anthu ambiri athanzi, popanda kuwavuta. Kamayamba kuvuta chitetezo cha thupi chikatsika, kapena mabakiteriya amene amakapanikiza akaphedwa ndi mankhwala. Pamenepo sikabisala. M'kamwa mumatuluka zoyera ngati mkaka wogona, zomata palilime ndi m'masaya. Mayi amamva kuyabwa ndipo amatuluka chikazi choyera chokhuthala. Kakatsikira kummero, munthu amamva kuwawa pomeza. Anamwino a pachipatala cha mishoni cha St Luke's, ngakhale ana asukulu amene akuphunzira unamwino pomwepo, amangoti “tsegulani pakamwa” n'kuona ndi maso. Safuna makina ogwiritsa chikhatho amene amati amayeza thupi lonse pa mphindi imodzi.

Ndipo wachipatala akaona zoyerazo mwa munthu wamkulu, sathera pa kandida. Amafunsa chimene chamutsegulira njira. Kodi ndi matenda a shuga amene sanadziwike? Kodi munthuyu wakhala akumwa maantibayotiki ogula pakantemba mwezi ndi mwezi? Kodi ndi pathupi? Kodi ndi kachilombo ka HIV? Pa mndandanda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kandida wa m'kamwa wosatha ali pa gawo lachitatu la matenda a HIV, ndipo wa kummero ali pa gawo lachinayi, lomaliza. Amene tinaona zaka za m'ma 1990 ma ARV asanafike m'zipatala za boma tikukumbukira abale athu akulephera kumeza ngakhale phala. Kandida weniweni ndi ameneyo, ndipo amaloza ku vuto lina lalikulu limene likufunika kuyezedwa. Munthu amene ali ndi zoyera m'kamwa n'kumumwetsa ufa kwa miyezi itatu, wamubera miyezi itatu.

Koma kandida wa mu uthengawu ndi wina, wosaoneka, wongoganiziridwa, amene amanyamula mlandu wa kutopa kulikonse. Ameneyu sanabadwire kuno ku Rufunsa. Madokotala awiri a ku America, Orian Truss ndi William Crook, ndiwo anamutchukitsa. Buku la Crook lotchedwa The Yeast Connection linatuluka m'zaka za m'ma 1980 ndipo linagulidwa kwambiri. Mu 1986 bungwe la American Academy of Allergy and Immunology linaunika ganizoli n'kunena kuti ndi longopeka, lopanda umboni. Mu 1990 William Dismukes ndi anzake a ku Birmingham, Alabama, anasindikiza mu New England Journal of Medicine kafukufuku wa amayi 42 amene ankati ali ndi vutoli. Nthawi zina ankawapatsa nystatin, mankhwala enieni opha kandida, nthawi zina mapiritsi opanda mankhwala, popanda mayi kapena dokotala kudziwa kuti awa ndi ati. Pa kutopa, kukhumudwa ndi madandaulo ena a thupi lonse, nystatin sanapose mapiritsi opanda kanthuwo. Nkhani imene inalephera mayeso kwawo zaka zoposa 30 zapitazo yatipeza ife lero itavala paketi yatsopano.

Za kulavulira malovu m'tambula ya madzi m'mawa kuti muone ngati akutsika ngati ulusi tisatayepo nthawi. Malovu a munthu wathanzi nawonso amatha kutero, makamaka ngati wagona ndi chimfine kapena ludzu. Za buledi ndi munkoyo nazonso n'zachabe: yisiti wofufumitsa buledi ndi mtundu wina, ndipo amafa mu uvuni.

Nanga n'chifukwa chiyani mimba imatupa munthu akamwa ufawo? Yankho lake n'lapafupi. Faiba ndi mbali ya chakudya chochokera ku zomera imene thupi silingathe kugaya. Imadutsa mpaka m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya amaidya n'kutulutsa mpweya. Aliyense amene anadyapo nyemba zambiri usiku akudziwa zotsatira zake, ndipo palibe anati ndi kandida akufa. Ufa wina uli ndi inulin, amene amawira msanga m'matumbo n'kupanga mpweya wochuluka. Wina uli ndi psyllium, makoko a njere za chomera cholimidwa kwambiri ku India, amene amamwa madzi n'kufufuma kukhala phala lanandanda. N'chifukwa chake pa paketi yolembedwa moona pamakhala chenjezo lakuti mlingo uliwonse umwedwe ndi tambula yodzaza ya madzi, ndiponso kuti munthu wovutika kumeza asamwe. Tiyi wambiri wotsuka m'mimba ali ndi masamba a senna, amene amakankha matumbo. Kupotokola ndi kuthamangira kuchimbudzi ndi ntchito ya senna, ndipo ukamumwa masiku ambiri thupi limataya madzi ndi mchere wa potaziyamu. Zanandanda zimene anthu amajambula m'chimbudzi n'kumati “taonani zatuluka” kawirikawiri zimakhala ufa womwewo utatupa, pamodzi ndi mamina a m'matumbo.

Mawu akuti kudwala kwambiri ndi umboni wa kuchira anawabwereka ku chinthu chenicheni. Odwala chindoko ena akabayidwa penisilini amanjenjemera ndi kutentha thupi patangopita maola ochepa, ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Madokotala amazitcha Jarisch-Herxheimer. Zimenezo zimachitika ndi mabakiteriya a mtundu wake, ndi mankhwala odziwika, pamaso pa wachipatala. Kuzikokera ku ufa wa m'botolo ndi ukathyali wa malonda, ndipo taonani kuchenjera kwake. Mukapeza bwino, ufa wagwira ntchito. Mukadwala kwambiri, ufa ukugwira ntchito. Mukafooka, simunamwe wokwanira. Palibe chimene chingachitike m'thupi mwanu chimene wogulitsa angavomere kuti n'cholakwa cha katundu wake. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma uthengawu ukuuza wamva m'mimbayo kuti akhale pansi adikire.

Kudikirako n'kumene kumapha. M'chigawo chathu chino cha Africa, limodzi mwa matenda ofala amene amatseka matumbo ndi kupotana kwa thumbo lalikulu chakumapeto kwake, makamaka mwa abambo. Madokotala a opaleshoni ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka amalidziwa bwino. Limayamba ndi zizindikiro zomwezo zimene uthengawu ukuti n'zabwino: mimba kutupa n'kulimba, kupotokola, kusachita chimbudzi, kulephera ngakhale kutulutsa mpweya, kenaka kusanza. Thumbo lopotana limasowa magazi ndipo limatha kuola pa maola owerengeka. Munthu wotere kumuonjezera ufa wofufuma ndi tiyi wokankha matumbo n'kumufulumizitsa kumanda. Ndipo tisaiwale kumene tili. Kuchokera ku Mpanshya kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 180 a msewu wamapiri ndi makona, ndipo wochokera kwa Shikabeta kapena m'midzi ya kuchigwa ulendo wake umayamba kale asanafike n'komwe pa tala. Tsiku limodzi lotayidwa podikira kuti kandida amalize kufa silibwezeka.

Chimodzimodzi ndi kummero. Zambia ndi Malawi ali m'dera limene khansa ya kummero ndi yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lapansi. Imayamba ndi nsima kukakamira pachifuwa, kenaka phala, kenaka madzi. Wina akauzidwa kuti ndi kandida n'kupatsidwa psyllium, ufawo ungathe kutupira pamalo opanikizika pomwepo n'kutseka njira yonse.

Pali ngozi ina yosaonekera msanga, ndipo ikukhudza mabanja ambiri. Faiba wofufuma amatha kuchedwetsa kapena kuchepetsa kulowa kwa mankhwala ena m'magazi. Makala a m'makapisozi, amene amagulitsidwanso ngati otsuka m'thupi, amakoka mankhwala n'kutuluka nawo. Ndipo dolutegravir, amene ali m'piritsi la TLD limene ambiri omwa ma ARV m'Zambia akulandira, amamatana ndi kashiamu, ayironi, maginiziyamu ndi aluminiyamu, zimene zimapezeka m'maufa owonjezera mphamvu ndi m'mankhwala a chilungulira. Munthu atha kumamwa piritsi lake mokhulupirika tsiku lililonse, koma lina likuthera m'chimbudzi. Ena amafika pogula fluconazole, mankhwala opha mafangasi, popanda kalata ya dokotala n'kumamwa milungu yambiri. Ameneyu ndi mankhwala amene timadalira pa matenda oumitsa khosi a cryptococcus mwa odwala Edzi. Kumwa mwachisawawa kumalemetsa chiwindi ndipo kumazoloweretsa mafangasi kuti asamamvenso mankhwala.

Sitikunyoza faiba ayi. Psyllium womwedwa moyenera, poyamba pang'ono ndi madzi ambiri, amathandiza odzimbidwa, ndipo madokotala amamulembera odwala. Koma mbiri ya faibayo njoseketsa ndithu. Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wa ku Ireland amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, pamodzi ndi Hugh Trowell, ndiwo anaphunzitsa azungu kufunika kwake. Anaona kuti anthu a m'midzi ya mu Africa, odya chimanga chosakonola, nyemba ndi masamba, sankavutika kawirikawiri ndi kudzimbidwa ndi matenda ena a thumbo lalikulu amene anali ofala ku Britain. Mu 1979 Burkitt anatulutsa buku louza anthu a kwawo kuti asaiwale faiba pa chakudya chawo. Nzeruyo anaitola pa mbale za agogo athu. Lero yabwerera m'botolo, ndipo mlimi akugulitsa thumba la chimanga kuti aigule.

WHO imati munthu wamkulu azipeza magalamu 25 a faiba patsiku kapena kuposerapo, kuchokera m'chakudya. Nsima ya mgaiwa kapena ya roller, nyemba, khobwe, nshawa, chibwabwa, kalembula, bondwe, impwa, delele, kandolo wodya ndi khungu lake, masau, masuku ndi malambe zimafikitsa mlingowo popanda sipuni ya ufa wogula. Amene akusowadi faiba ndi uja wasamukira ku ufa woyera wa breakfast, mabanzi ndi zakumwa za m'mabotolo, ndipo mankhwala ake ali kudimba. Apa pokha tichenjeze: musathamangire madeya a chimanga chilichonse. Ngati pali fangasi woyenera kumuopa, ali m'nkhokwe. Chuku cha pa chimanga ndi nshawa zosauma bwino chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo amachuluka m'madeya. Mu Ogasiti 2024, chaka cha chilala chija, nduna ya zaumoyo Elijah Muchima inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga choipitsidwa ndi poizoniyu, ndipo ufa wina unachotsedwa pamsika. Za chuku chimenechi uthenga wa m'mafoni uja sunenapo kanthu, pakuti kuumitsa chimanga bwino kulibe komishoni.

Amene mimba ikuwavuta sakunama, ndipo tikudziwa chimene chimawakokera kwa ogulitsa: wogulitsa amamvetsera mphindi makumi awiri, pamene pamzere wa kuchipatala umapatsidwa zitatu. Achipatala nawo aganizepo pamenepa. Komabe zoyambitsa zenizeni zili ndi mayina, ndipo zambiri zimachizika. Pali Helicobacter pylori, bakiteriya woyambitsa zilonda za m'mimba amene Barry Marshall ndi Robin Warren analandirira mphotho ya Nobel mu 2005. Kafukufuku wa ku Lusaka anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 8 mwa 10 alionse anakumana naye. Pali giardia wa m'madzi a m'zitsime zosatetezedwa, amene amatupitsa mimba ndi kugeyetsa zonunkha. Pali njoka za m'mimba, likodzo la m'matumbo, TB ya m'mimba, mkaka umene akuluakulu ambiri sagaya bwino, mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac omwedwa m'mimba muli njala, ndi kachasu. Kuyeza chimbudzi, shuga, magazi ndi HIV kumasiyanitsa zambiri mwa izi, ndipo zikakanika pano pali kalata yotumiza ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena ku UTH.

Lamulo la Medicines and Allied Substances Act la 2013 linapatsa bungwe la ZAMRA mphamvu yoyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno, a zitsamba omwe. Tikulipempha, pamodzi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Rufunsa, kuti lisathere m'mafamase a mu Cairo Road ku Lusaka. Lifike pamasiteshoni a basi ndi pamisika ya kuno. Mafumu, abusa ndi atsogoleri a magulu a amayi asalole misonkhano yawo kusanduka sitolo ya munthu amene sangatchule zimene zili m'botolo lake.

Kwa inu amene mwayamba kale kumwa ndipo mimba yatupa: lekani, imwani madzi, muone ngati sizitsika pa masiku awiri kapena atatu. Koma mimba ikalimba osatuluka chimbudzi kapena mpweya, mukamasanza, mukaona magazi kapena chimbudzi chakuda bii, chakudya chikamakakamira pomeza, mukamaonda osadziwa chifukwa, kapena m'kamwa mukachita zoyera, pitani ku St Luke's kapena ku kiliniki yapafupi tsiku lomwelo. Tengani paketi ya ufawo ndi mankhwala onse amene mukumwa, mukawaonetse anamwino.