Chikho cha mwana chisagone m'galimoto ya kochi chifukwa cha mphekesera

Makolo anzanga, kalata ino tailemba mothamanga chifukwa cha uthenga wa mawu umene wazungulira m'magulu athu a WhatsApp sabata ino. Mwini uthengawo, amene sakutchula n'komwe dzina lake, akuti makalabu osambira ayamba kupereka mayina a makolo ku Home Office, akuti fomu iliyonse imene mwasaina kudziwe ikukathera kwa a imigireshoni, ndipo akuti aliyense amene ali ndi NRPF (No Recourse to Public Funds, kutanthauza kuti saloledwa kulandira thandizo lina la boma) pa viza yake akalandira chithandizo cha kalabu ndiye kuti wadzikumbira dzenje. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Choipa kwambiri n'chakuti lafika pa nthawi imene makalabu akutumiza makalata a phwando lopereka mphoto lotsekera chaka, pamodzi ndi bilu ya umembala wa Swim England, ndipo mabanja ena ayamba kale kubisa ana m'nyumba.

Loweruka lapitali ndinali pa phwando lotere ku kalabu ya mwana wanga. Holo yake inali yobwereka, matebulo ozungulira, mabaluni a mtundu wa kalabu, ndipo zikho ndi mamendulo anaziyala patsogolo pa nsalu yoyera. Ana amene chaka chonse timawaona atavala zipewa za labala ndi magalasi a m'madzi anabwera atatchena, tsitsi lopesedwa bwino, mwakuti ena sindinawazindikire mpaka atayankhula. Kochi ankaitana mmodzimmodzi, n'kunena mawu awiri atatu za mwanayo: uyu anadula masekondi angapo pa mamita 100, uyu sanajombepo m'mawa ngakhale tsiku la chisanu choopsa. Atafika pa chikho cha mwana amene wapita patsogolo kuposa anzake onse, anatchula dzina la kwathu ku Malawi, kulitchula bwinobwino, zoonetsa kuti anachita kuliphunzira. Anthu anaomba m'manja. Palibe amene anadzuka. Anaitananso kachiwiri, akuponya maso kukhomo. Kenako anabweza chikhocho patebulo n'kupitiriza mwambo, ndipo potuluka ndinamuona akuchikulunga m'thawulo n'kuchiika kumbuyo kwa galimoto yake.

Mtsikana ameneyo ndimamudziwa. Amadzuka 5 koloko m'mawa, mayi ake atangoweruka kumene ku ntchito yosamalira okalamba, maso ali psuu. Chaka chatha ankaopa kudumpha kuchokera pa chitsulo choyambira mpikisano. Usiku umodzi wokha umene holo yonse ikanamuimirira, iye anali kunyumba chifukwa munthu wina anauza makolo ake kuti pakhomo pa holo akafunsidwa mapepala. Pakhomopo panali mayi wina wokalamba ndi mndandanda wa mayina ndi mbale ya matikiti a mwayi, basi. Zinandipweteka, ndipo mpaka pano zikundipwetekabe.

Nkhani ya DBS ndi imene yasokoneza anthu ambiri. N'zoona kuti bungwe la DBS lili pansi pa Home Office, ndipo mphekeserayi yamera pamenepo. Koma ntchito yake ndi kuona ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu kapena ngati analetsedwa kugwira ntchito ndi ana. Ambiri a inu munadutsa kale mu DBS polowa ntchito ya m'nyumba zosamalira okalamba kapena m'chipatala, ndipo palibe chinachitika. Kalabu imafuna DBS kwa anthu amene ali ndi udindo pa ana a eni: makochi, oyang'anira timu pa mpikisano, operekeza ana pa ulendo wokagona. Kholo lodzaonerera mwana wake, kapena kudzadya nawo pa phwando, silifunsidwa DBS ayi. Kwa amene akuthandiza mongodzipereka, a DBS salipiritsa ndalama. Inu a ku Scotland, kwanuko ndi PVG, koma cholinga chake n'chomwecho. Ngati mapepala anu ali ndi vuto ndipo kalabu yakupemphani kuti mukhale woyang'anira timu, mungathe kungoyankha kuti simungakwanitse chaka chino, palibe amene angakukakamizeni kufotokoza. Mukafuna uphungu pitani kwa loya kapena kwa mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, yomwe kale tinkaidziwa kuti OISC. Musapite kwa mkulu uja wa pa gulu amene amadziwa zonse.

Fomu ya umembala imafunsa dzina la mwana, tsiku lobadwa, adiresi, matenda amene ali nawo monga mphumu, ndi nambala ya munthu woti amuimbire pakagwa ngozi. Tsiku lobadwa amalifuna chifukwa mipikisano imagawidwa potengera zaka, ndipo nthawi zimene mwana wasambira pa mipikisano yovomerezeka zimalembedwa pa dzina lake. Mwana safunika pasipoti ya ku Britain kuti akhale membala wa kalabu. Ngati wina wa m'kalabu wakuuzani zina, mupempheni akulembereni pa imelo, ndipo mutitumizire tione.

Tsono nkhani ya NRPF. Mawu akuti public funds satanthauza ndalama iliyonse imene simunaikhetsere thukuta. Ndi mndandanda wodziwika umene uli m'malamulo a imigireshoni: Universal Credit, Child Benefit, Housing Benefit, kuchotseredwa msonkho wa khonsolo, nyumba za khonsolo ndi zina zotero. Thumba la kalabu lothandizira mabanja amene zawathina silili pa mndandandawo. Ndalama zake zimachokera m'matumba a makolo anzanu, pogulitsa makeke ndi matikiti a mwayi omwe aja. Kochi akakupatsani kabudula wosambirira amene mwana wina wamukulira, kapena msungichuma akakuchotserani mtengo wa tikiti, viza yanu sikhudzidwa. Ngakhale chakudya chaulere cha kusukulu, kuyambira mu April 2022 ana a mabanja a NRPF ku England amaloledwa kulandira ngati ndalama za pakhomo zili pansi pa mlingo umene boma linaika. Pamene muyenera kuchenjera ndi pa ndalama zochokera ku khonsolo, chifukwa zina mwa izo zimawerengedwadi ngati public funds. Pamenepo funsani musanasaine. Koma kalabu si khonsolo.

Tisanamizane, makalabu nawonso ali ndi mlandu. Kalata ya phwando imabwera kutangotsala masabata awiri, pamene ndandanda ya mashifiti inatuluka kalekale ndipo kusinthana ndi mnzako n'kovuta. Tikiti amalipiritsa mutu uliwonse, mwana amene akukalandira mphotoyo amalipiranso, ndipo banja la ana atatu limapezeka kuti lawononga ndalama ya chakudya cha sabata yonse pa masangweji ozizira. Zonsezi zikubwera mwezi womwewo wa umembala, pamwamba pa ndalama ya mwezi ndi mwezi, pamwamba pa kulipira mpikisano uliwonse umene mwana walowa. Anthu a m'komiti za makalabu ambiri ndi abwino mtima, koma sadziwa kuti kuyambira mu February 2024 makolo ena amalipira £1,035 pachaka ya IHS, ndalama ya zaumoyo ya pa viza, ndipo mwana wawo aliyense £776, zonse pakamodzi pokonzanso viza. Sadziwa kuti kumudzi akudikira ya fetereza ndi ya fizi. Sadziwa chifukwa sitiwauza, ndipo sitiwauza chifukwa pa misonkhano yawo sitipezekapo. Chomwe amaona ndi mpando wopanda munthu, ndipo amaganiza kuti Amalawi alibe nazo chidwi. Zimenezi n'zimene zimandikwiyitsa koposa, chifukwa ndikudziwa mmene makolo amenewa akudzimanira kuti mwana asambire.

Chochita chake n'chapafupi. Lemberani msungichuma kapena welfare officer wa kalabu lero lomwe, osadikira tsiku lomaliza. Kalabu iliyonse ya Swim England imayenera kukhala ndi welfare officer, ndipo zimene mungamuuze sazilengeza pagulu. Simufunika kufotokoza za viza yanu. Ingonenani kuti mwezi uno zavuta, ndipo funsani ngati mungalipire pang'onopang'ono kapena ngati pali thumba lothandizira. Funsaninso ngati mwana angabwere pa gawo lopereka mphoto lokha popanda kulipira chakudya, chifukwa pempho limenelo ndi lomveka ndipo n'zovuta kuti munthu wanzeru alikane. Paja safunsa anadya phula. Manyazi opempha ndikuwamvetsa, tonse tinaleredwa motero, koma ndi manyazi a ife akuluakulu, ndipo amene akulipira ndi mwana.

Ngati shifiti yakanika kusinthika, mwana apite ndi kholo lina. Dziwitsani kochi pasadakhale kuti mwana abwera ndi ndani ndipo abwerera ndi ndani, chifukwa malamulo awo oteteza ana, amene amawatcha Wavepower, salola kuti mwana angotengedwa ndi munthu wosadziwika. Ife a komiti ya gulu lathu tili ndi makolo amene avomera kunyamula ana a anzawo. Tiuzeni tsiku ndi malo.

Ena mwadandaula za zithunzi, ndipo dandaulo limenelo ndi lenileni. Pa phwando pamajambulidwa zithunzi zambiri ndipo zina zimakathera pa Facebook ya kalabu. Muli ndi ufulu wokana. Pa fomu ya umembala pamakhala malo ovomereza kapena kukana kuti mwana ajambulidwe, ndipo ngati munavomera kale mungathe kusintha. Uzani welfare officer lisanafike tsikulo. Kukana chithunzi sikulanditsa mwana mphoto yake.

Pa za kuthandiza mongodzipereka, amene muli pa viza ya Skilled Worker kapena Health and Care Worker mumaloledwa kugwira ntchito yongodzipereka yosalandira malipiro, monga kugwira wotchi pa mpikisano kapena kugulitsa matikiti pakhomo. A viza ya sukulu samalani pang'ono, chifukwa ntchito yosalipidwa yokhala ndi maola okhazikika ingathe kuwerengedwa pa maola 20 anu a pasabata. Funsani ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja. Agogo amene abwera kudzacheza akhale pansi n'kuomba m'manja, asapatsidwe ntchito. Koma ife amene tikuloledwa tiyeni tilowe. Kholo limodzi la Chimalawi likakhala m'komiti ya kalabu, tsiku la phwando lingalengezedwe miyezi iwiri isanakwane, ndipo mtengo wa tikiti ungakambidwe usanasindikizidwe.

Wina wandifunsa kuti bwanji tikuvutikira zosambira pamene anthu akulimbana ndi ma eVisa ndi mabwana amene alandidwa laisensi yolembera ntchito anthu ochokera kunja. Ndikumumvetsa. Koma ana athu akukulira m'dziko la ngalande, mitsinje ndi madamu ozizira kwambiri, ndipo ambiri a ife makolo sitingathe kuwapulumutsa akagweramo, ngakhale amene tinakulira kufupi ndi nyanja. Sukulu za pulayimale ku England zimayenera kuonetsetsa kuti mwana akutha kusambira mamita 25 pomaliza Year 6, koma maphunziro a kusukulu ndi ochepa, ndipo ana akuda ambiri amatuluka asanafike pamenepo. N'chifukwa chake Alice Dearing, mkazi woyamba wachikuda kusambirira Britain pa Olympics, ku Tokyo, anayambitsa pamodzi ndi anzake bungwe la Black Swimming Association mu 2020. Ngakhale chipewa chokwana tsitsi lathu, Soul Cap, chinachita kumenyeredwa nkhondo mpaka chinavomerezedwa pa mipikisano mu 2022. Mwana wa kwathu amene walimba chaka chonse m'kalabu wadutsa m'zambiri, ndipo ana ambiri amasiya kusambira akamafika kusekondale. Kuitanidwa dzina pamaso pa anzake ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimamubweza kudziwe chaka chotsatira.

Uthenga wa mawu uja musautumizenso kwa wina aliyense, ndipo oyang'anira magulu auchotse. Amene munautumiza kale, tumizani kalata ino kwa anthu omwewo. Ngati kalabu yakupatsani fomu imene simukuimvetsa, ijambuleni musanalembepo kanthu, mutitumizire, tiwerengera limodzi. Pa msonkhano wa Lamlungu tikatha mapemphero padzakhala bokosi la zovala zosambirira, magalasi ndi majuzi a kalabu zimene ana awakulira. Bweretsani zochapa kale, ndipo amene akufuna atenge popanda kulemba dzina. Amene phwando lanu ndi Loweruka likudzali ndipo simunagule tikiti, imbirani mlembi wathu pofika Lachinayi madzulo kuti tikonze za galimoto.