Mbalame zingathe anthu akuona

Dziko la New Zealand lili ndi mbalame ziwiri zapachibale, takahē ndi pūkeko. Zonse zili ndi nthenga zobiriwira ndiponso milomo ndi miyendo yofiira, koma moyo wake ndi wosiyana kutalitali.

Pūkeko imauluka, imaswana msanga ndipo njofala m'madambo ndi m'minda, moti boma limalola alenje kuiwombera nyengo yosaka ikakwana. Takahē siuluka, imatha kulemera makilogalamu atatu, ndipo kawirikawiri imalera mwana mmodzi kapena awiri pachaka.

Itaoneka komaliza mu 1898, anthu ankati takahē idatheratu. Mu 1948 dokotala wina, Geoffrey Orbell, adaipezanso m'mapiri a Murchison, kufupi ndi nyanja ya Te Anau. Pofika 1982 zidatsala 118 zokha.

Mavuto ake ambiri adadza ndi anthu. Atsamunda adabweretsa kanyama kotchedwa stoat, kofanana ndi likongwe, kuti kazipha akalulu, koma kadatembenukira mazira ndi anapiye. Agwape ochokera kunja nawo adalimbirana ndi takahē udzu womwe imadya.

Boma lidatchera misampha, lidachepetsa agwape, n'kusamutsira mbalame zina pazilumba zopanda adani. Pofika 2023 chiwerengero chidafika pafupifupi 500. Ntchitoyi yatenga zaka zoposa 70, komabe bungwe la IUCN likuikabe takahē m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chakutha.

Kufanana kwa mbalamezi kudabweretsanso tsoka. Mu 2015, alenje omwe adatumidwa kukachepetsa pūkeko pachilumba cha Motutapu adapha takahē zinayi molakwitsa.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi. Mbale wa mbalamezi, yemwe pa Chingerezi amamutcha African swamphen, amakhala m'mabango a kunyanja ya Chilwa, komwe anthu amatchera mbalame zam'madzi kuti apeze ndiwo ndi ndalama, makamaka nsomba zikasowa monga zidachitikira nyanjayi itaphwa mu 1995.

Palibe angaletse munthu wanjala kusaka ndiwo. Koma mafumu, magulu a alenje ndi nthambi yoona za nyama zakutchire akuyenera kuwerenga mbalamezi chaka ndi chaka, kuteteza malo oswanirana ndi kuletsa kutchera nthawi yoikira mazira. Kuchuluka kwa mtundu umodzi kusaphimbe kutha kwa wina. Paja madzi akatayika saoleka, ndipo Malawi alibe chuma cha New Zealand choti n'kudzapulumutsira mbalame zikatsala 118.