Kodi Mpumbu Inapita Kuti?

Anzanga acinyamata, funsani m'gulu lanu kuti mpumbu ndi ciani. Ambiri adzangoyang'anana. Mpumbu ndi nsomba ya milomo yokhuthala yoyang'ana pansi, imene imadya ndele ndi zam'matope. Ophunzira amaicha Labeo altivelis, ndipo ndi mbale wake wa nchila ya ku Malawi. Imapezeka m'Luangwa, kunsi kwa Zambezi, m'Luapula ndi m'nyanja ya Mweru.

Kale mvula ikayamba, mpumbu zinali kucoka m'Mweru ndi kukwera Luapula m'magulu akulu kukaikira mazira m'madambo osefukira. Asodzi anaona mwayi. Anachinga njira ndi maukonde, nagwira nsomba zodzala mazira kukagulitsa kumigodi. M'zaka za m'ma 1950 usodzi wa mpumbu unagwa, ndipo unyinji uja sunabwerenso. Nchila nayo inacepa motero m'ma 1960. Sicinali cilala kapena ufiti ai. Unali umbombo wa anthu.

Kodi ife taphunzirapo kanthu? Boma limatseka usodzi m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disemba kufikira kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Koma nthawi yomweyo Akristu amagula nsomba zobisa m'masaka. Ena amakoka neti ya udzudzu mumtsinje, neti imene anapatsidwa kuti ana asadwale malungo. Ena amathira mankhwala m'dziwe ndi kupha zonse, ndi tiana tomwe. Pa Sondo onsewa ali kutsogolo m'kwaya!

Ena amati, "Nsomba n'za Mulungu, sizingathe." Mpumbu inalinso ya Mulungu, koma ili kuti? Pa Deuteronomo 22:6-7 Aisraeli analetsedwa kutenga mbalame yaikazi pamodzi ndi mazira ake. Nanga nsomba ya mazira isiyana bwanji?

Enanso amati ndi umphawi. Inde, njala imapweteka. Koma wolemera adzagula nyama nsomba zikatha. Amene adzadya nsima yopanda ndiwo ndi mwana wa msodzi yemweyo. Ndani amakazinga mbeu yake mu Novemba?

Tsono tisangodandaula. M'miyezi yotseka tisagule nsomba zaziwisi zosadziwika kocokera, ngakhale pa msonkhano wa acinyamata. Tikambe ndi makolo athu mwaulemu, tipemphenso abusa ndi mafumu alankhulepo. Wogula ndiye amatuma wakuba. Ife tikakana kugula, ukonde udzakhala m'nyumba kufikira Marichi.